Wamasiye wa M'chipinda Chachisanu ndi Chiwiri

Lolemba pa 16 Okotobala, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti chinkhoswe chake chichitike, Ketaki Mohite anataya mzukwa wake wachitatu.

Uthenga unalowa pa foni 9 koloko m'mawa, iye ataima pakhomo la nyumba ya mizukwa imene ankamanga m'paki ya zisangalalo ya Dhukewadi, kufupi ndi Lonavala. Mtsikana amene anayenera kusewera mkazi wamasiye m'chipinda chachisanu ndi chiwiri anali atalemba mizere iwiri yokha. Apongozi ake anali atamva za chovalacho, ndipo ananena kuti mkazi amene mwamuna wake ali moyo savala zoyera za namfedwa, ngakhale pa sewero. Mtsikana woyamba anachoka mu Ogasiti pa chifukwa chomwecho. Wachiwiri anapirira sabata imodzi, kenako mwamuna wake anadwala chimfine, ndipo sanaonekenso.

"Wathawanso, Tai?" anafunsa a Jagtap, kapitawo wa akalipentala. Anali ndi imvi mutu wonse, komabe ankamutcha Tai ngati mlongo wawo wamkulu, monga amisiri onse ankachitira.

"Wathawa."

"Ndiye mundiveke ine. Ndevu ndimeta. Mkazi wanga chimfine chimamuopa."

Ketaki anafuna kuseka, koma mphamvu zake zinangokwanira kupukusa mutu. Kwa miyezi isanu ndi iwiri anali atakhala m'nyumba imeneyi kuposa kwawo. Anajambula yekha zipinda zonse khumi ndi chimodzi ndi tinjira take tokhotakhota, motsatira filimu yoopsa ya chaka chatha yotchedwa Mkwatibwi wa M'chitsime. Anthu ankayenera kulowa asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, gulu lililonse patapita masekondi makumi anayi. Lamulo lake lalikulu amisiri onse analiloweza: munthu umamuopseza kumbuyo kapena m'mbali kuti athawire kutsogolo. Ukamutulukira kumaso amabwerera, n'kutsekera njira onse omutsatira.

Lachinayi eni ake a paki ndi eni ake a filimu ankabwera kudzayesa nyumbayo. Popanda wamasiye, chipinda chachisanu ndi chiwiri chinali mwala, mpando ndi mdima basi.

"Ndamva kuti wamasiye wako wakwatiwanso," anatero mawu kumbuyo kwake.

Anali Rucha Kelkar, woyang'anira zotsatsa malonda a paki. Rucha anakulira m'nyumba yosanja imodzi ndi Onkar Bhide, bwenzi la Ketaki, ku Pune, banja lawo pamwamba, a Bhide pansi. Ndi iye amene anadziwitsa Ketaki kwa Onkar pa phwando la Diwali zaka ziwiri zapitazo, ndipo chiyambire tsiku limenelo ankamwetulira Ketaki ngati munthu amene anabwereketsa chinthu chimene sichinabwezedwe.

"Ndivala ndekha Lachinayi," anatero Ketaki. "Wina tipeza tisanatsegule."

Rucha anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Iweyo? Kutatsala masiku asanu kuti chinkhoswe chako chichitike?"

"Ndi nsalu ya mamita asanu ndi theka, Rucha. Siluma."

"Ine sindinanene kanthu, mwali. Ndingobwera ndi wojambula zithunzi Lachinayi m'mawa. Akuluakulu akufuna zithunzi za chipinda chilichonse."

*

Lachiwiri masana anakumana ndi Onkar pa kamalo ka tiyi kuseri kwa siteshoni ya Shivajinagar ku Pune. Onkar ankaphunzitsa masamu pa sukulu ya sekondale ndipo anali ndi ola limodzi lopuma. Ketaki anali ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu sitima yobwerera ku Lonavala isananyamuke. Kuyambira Ogasiti chikondi chawo chinkakhala m'mipata yotere.

"Maso akowo," anatero Onkar. "Mizukwa ndi imene iyenera kuoneka choncho, osati mwini nyumba."

"Mizukwa ili ndi tchuthi. Ine ndilibe."

Onkar anatulutsa kabokosi ka katoni m'chikwama. Mkati munali zibangili zagalasi zobiriwira khumi ndi ziwiri, zokulungidwa m'nyuzipepala. Zinachokera kwa amayi ake, amene iye ankawatcha Aai.

"Aai akuti uyese chimodzi. Akuti ngati zikuthina ndikasinthe lero, chifukwa sakufuna kuti mpongozi wawo akalire pamaso pa anthu."

"Ananena kuti mpongozi?"

"Ananena. Ndinawafunsa kuti abwereze, anandiponyera chopukutira mbale."

Ketaki anapinda chala chachikulu n'kulowetsa chibangili. Chinadutsa pa mfundo movutikira pang'ono, kenako chinakhazikika. Zinatengera Onkar miyezi khumi ndi inayi kuti amayi ake, Mayi Sulabha Bhide, avomere mtsikana wa mtundu wina, wovala thalauza lopaka penti, wobwera kunyumba ndi utuchi m'tsitsi. Anavomera mu Juni, ndipo wansembe wa banja anasankha Lachiwiri pa 24 Okotobala, tsiku la Dasara, limene anthu amati chilichonse choyambidwa pa ilo chimakhalitsa.

"Unawauza kuti ndimagwira ntchito yanji kwenikweni?"

"Ndinawauza kuti umajambula nyumba."

"Onkar."

"Nanga si nyumba? Ili ndi denga. Zina zonse adzamva tikakwatirana, pang'onopang'ono, ngati mankhwala owawa."

Ketaki anazunguza chibangili pa mkono. Panali chinthu chimene nayenso sanamuuze Onkar, ndipo chinali chachikulu kuposa denga.

Mu Malichi, atakhala pa masitepe a phiri la Parvati, Onkar anamufotokozera za tsiku limene bambo ake anamwalira, iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sananene za mtembo. Ananena za zimene zinachitika pakhomo. Azakhali ake, a Vimal, mlongo wa malemuwo, anakhazika amayi ake pansi, anawapukuta kadontho kofiira ka pachipumi ndi chala chonyowa, n'kuika mkono wawo pa mwala wa mphero. "Tambasula dzanja, usandichedwetse," anatero azakhaliwo. Kenako anayamba kuphwanya zibangili ndi kamwala. Chimodzi chinakana mpaka kachitatu. Ndipo pamwamba, kwa a Kelkar, poto wa nthunzi ankaimba likhweru, chifukwa anthu amaphika ngakhale pansi pali maliro. Onkar anati chiyambire pamenepo likhweru la poto limamutulutsa m'khitchini. Anatinso sanauzepo munthu wina.

Ketaki analira naye tsiku limenelo, ndipo misozi yake inali yoona. Patapita milungu itatu, atakhala pa tebulo lake ndi chipinda chachisanu ndi chiwiri chimene chinkakana kuopsa, anakumbukira likhweru lija. M'filimu munalibe zophwanya zibangili. Anaziikamo ndi iye: mwala, mawu aja, kumenya katatu, ndi poto. Anadziuza kuti adzamuuza Onkar chinkhoswe chikatha. Anadziuzanso kuti Mayi Bhide sadzapondako ku paki pa moyo wawo wonse.

"Ukuganiza chiyani?" anafunsa Onkar.

"Za sitima."

Anavula chibangili, n'kuchibwezera m'bokosi. "Uwauze kuti zakwana."

*

Lachinayi pa 19, Ketaki anafika 7 koloko. Wodzoza nkhope anamupaka zoyera, n'kudetsa m'munsi mwa maso, n'kumasula tsitsi lake. Pachipumi anapakapo kofiira kopukutika theka. Sari, nsalu ija ya mamita asanu ndi theka, inali yoyera, yopanda mkawo. Rucha anabwera 9 koloko ndi wojambula zithunzi ndi pepala loti asaine, ndipo Ketaki anasaina atalitsamiritsa pa khoma, maso ali pa wotchi.

A Jagtap, atamuona, anachotsa chipewa n'kuchivalanso.

"Tai, ine si wa zamatsenga. Koma mukatha mukasambe musanagwire foni ya mnyamata uja."

"Inunso, a Jagtap?"

"Madzi salipiritsa."

Chipindacho chinkagwira ntchito motere. Anthu akalowa ankaona mkazi atakhala pansi, atawafulatira, mkono uli pa mwala. Mawu a mayi wachikulire ankamveka m'khoma. Poto ankaimba, mwala unkagunda, galasi linkasweka. Pa kugunda kwachitatu magetsi ankazima kwa masekondi anayi, ndipo mumdimamo wamasiye ankazungulira kuseri kwa chinsalu n'kutulukira kumbuyo kwa gululo, manja atatambasula, odzaza ndi magalasi.

Gulu loyamba, la eni ake a filimu, linatuluka likuthamanga, mmodzi atataya nsapato. Lachiwiri linali la bwana Daruwala, mkulu wa paki, amene anatukwana m'zilankhulo ziwiri. Lachitatu linali la ogwira ntchito m'maofesi. Ketaki anayamba kumva kutopa kwa miyezi isanu ndi iwiri kukusanduka kanthu kofanana ndi kukhutira.

"Gulu lachinayi," anatero mawu m'kachipangizo ka m'khutu. "Alendo a Rucha."

Anakhalanso pansi n'kuika mkono pa mwala. Anamva mapazi, ena achinyamata, ena okhwekhwereza. Mawu a m'khoma anayamba.

"Tambasula dzanja, usandichedwetse."

Likhweru. Kugunda. Likhweru. Kugunda. Kachitatu, magetsi anazima. Ketaki anadzuka kuti azungulire, koma anagundana ndi munthu. Wina sanaime pa mzere wachikasu woimapo alendo monga ena onse. Anali atayenda mpaka pamwala.

Magetsi atayaka, anali maso ndi maso ndi Mayi Sulabha Bhide.

Mayiwo sanakuwe. Kumbuyo kwawo anyamata awiri a mu ofesi anakuwa, kenako anaseka, monga anthu amachitira mantha akatha. Mayi Bhide anagwira mkono wa Ketaki n'kuutembenuza, n'kuyang'ana magalasi obiriwira m'dzanja lake. Kenako anayang'ana nkhope yopakidwayo kwa nthawi imene Ketaki, wozolowera kuwerenga masekondi, sanathe kuiwerenga.

"Ketaki," anatero.

Anasiya mkonowo n'kutembenuka. Sanapite kutsogolo. Anabwerera njira imene anadzera, kudutsa gulu lachisanu, kudutsa lachisanu ndi chimodzi, ndipo nyumba yonse inaima.

*

Ketaki anawapeza Mayi Bhide panja pa benchi, pafupi ndi akavalo a matabwa ozungulira amene anali asanayambe kuyenda. Inali 11 koloko, dzuwa lili phwee. Pambali pawo panakhala amayi ake a Rucha, akuwapepesa ndi kuwakupiza ndi pepala. Rucha anaima patali pang'ono, foni ili m'manja.

"Kaku," anatero Ketaki, monga ankawaitanira mwaulemu Mayi Bhide.

"Usandiyandikire utavala zimenezo."

Ketaki anaima pomwepo.

"Ine ndinangofuna kuti adzaone ntchito ya mpongozi wawo," anatero Rucha. "Akhala akundifunsa. Ndinaiwala kuti lero wavala ndiwe."



"Onkar anandiuza kuti umajambula nyumba," anatero Mayi Bhide. Mawu awo anali osalala ngati akufunsa mtengo wa anyezi.

"Ndimajambula, Kaku."

"Yanga wajambula bwino. Ngakhale poto wa a Kelkar sunamuiwale." Anatembenukira kwa mnzawo. "Wamva, Mangala? Poto wako watchuka."

Amayi ake a Rucha anaweramitsa mutu.

"Kaku, ndiloleni ndifotokoze."

"Ufotokoze chiyani, mwana iwe? Ine ndinalipo." Anakonza sari paphewa n'kuimirira pang'onopang'ono, dzanja lili pa bondo. "Mnyamata amene anali kumbuyo kwanga anaseka. Tsiku lija palibe anaseka. Pamenepo pokha ndiye walakwitsa."

Anauyamba ulendo wa kuchipata. Ketaki sanathe kuwatsatira. Ana a sukulu ina anali atayamba kulowa m'paki, ndipo aphunzitsi awo ankamuloza.

*

Anasamba, monga a Jagtap ananenera, kenako anaimba foni. Onkar sanayankhe. Anaimbanso 1 koloko, 3 koloko ndi 5 koloko.

Uthenga unabwera 6 koloko itadutsa pang'ono.

"Aai sanadye. Adzitsekera m'chipinda."

Ketaki analemba mizere khumi ndi iwiri, n'kuifafaniza. Analemba isanu, n'kuifafanizanso. Anatumiza mawu awiri: "Ndalakwa, Onkar."

"Ndinauza iwe wekha."

"Ndikudziwa."

"Mawu a azakhali aja unawatenga onse? Osasintha ngakhale limodzi?"

Akanatha kunama. "Onse."

Panadutsa mphindi makumi anayi. Ankaona kuti Onkar akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Ana a kalasi langa akakopera mayeso amasinthako nambala imodzi kuti ndisawagwire."

Lachisanu Onkar sanalembe kanthu. Ketaki anakhala tsiku lonse akuyesa magetsi a chipinda chachinayi, amene analibe vuto lililonse. Bwana Daruwala anamuitana kuti amuuze kuti eni filimu akufuna kuika chipinda chachisanu ndi chiwiri mu filimu yawo yotsatira. Iye anathokoza, n'kutuluka, n'kukakhala pa mulu wa matabwa mpaka tiyi wake anazizira.

Loweruka m'mawa uthenga unafika: "Aai akuti ubwere 4 koloko. Wekha."

*

Nyumba ya a Bhide inali ya zipinda ziwiri. Ketaki anavula nsapato pakhomo ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana pansi pamene ankaponda, pomwe zibangili zija zinaswekera. Onkar anamutsegulira, n'kupita kukaima pazenera.

Mayi Bhide anali pa mpando, akusankha mpunga m'mbale yaikulu. Sanamupatse tiyi. Anamulozera pokhala ndi chibwano.

"Za tsoka la chovala anene ena," anayamba motero. "Ine ndinavala zobiriwira zaka khumi ndi zitatu, sindinagwirepo nsalu yoyera, ndinasala kudya tsiku lililonse limene anandiuza. Mwamuna wanga anafabe. Choncho ine nsalu sindiiopa."

"Kaku, chimene ndinalakwa si nsalu."

"Chabwino kuti ukudziwa. Zandichepetsera ntchito." Anachotsa kamwala mu mpunga n'kukaika pambali. "Ndakhala masiku awiri ndikufuna kuuza wansembe kuti tsiku lija alipatse ena. Koma uyu," analoza Onkar osamuyang'ana, "wayenda ngati nkhuku yonyowa kuyambira Lachinayi, ndipo ine ndatopa. Ndatopa ndi kukana, ndatopa ndi kuvomera. Ndiye mvera. Zinthu ziwiri."



"Choyamba, chipinda chija chichoke lisanafike Lachiwiri. Osati chitsekedwe. Chichoke."

"Chichoka."

"Usayankhe msanga. Ukudziwa kuti mabwana ako akuchikonda. Rucha wandiuza."

"Si cha m'filimu, Kaku. Ndinachiikamo ndine. Ndichichotsa ndine."

Mayi Bhide anamuyang'ana koyamba chilowereni. "Chachiwiri. Ukudziwa amene adzakuveke zibangili Lachiwiri?"

"Ndimayesa inuyo."

Mayiwo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ine? Wamasiye? Ine ndidzakhala kumbuyo pafupi ndi nsapato za anthu. Shuga, sari ndi zibangili zimaperekedwa ndi mkazi amene mwamuna wake ali moyo. M'banja lino ndi Vimal."

Ketaki anayang'ana Onkar. Onkar ankayang'ana panja.

"Inde, yemweyo," anatero mayiwo. "Dzanja limene linaphwanya zanga ndi limene lidzaveke zako. Akubwera kuchokera ku Mumbai Lachiwiri m'mawa ndi basi ya abale makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Vimal ndiye nsalu amaiopa. Anabweza chinkhoswe cha mwana wa mchimwene wake wina chifukwa mkaka unatayika pamoto. Akangomva kuti mtsikana wa Onkar anavala za namfedwa kutatsala masiku asanu, sadzagwira mkono wako, ndipo iye akakana palibe mkazi wina m'banja lino amene angayerekeze. Ine sindingamukakamize. Sindinathe kale lija, sindingathe lero."

"Akudziwa ndani?"

"Ine, Mangala ndi Rucha. Mangala walumbira pa mutu wa mwana wake. Rucha ndamuuza ndekha, ndipo wandigwira mapazi polonjeza. Iwe utseke pakamwa pa anthu ako a matabwa."

"Zikomo, Kaku."

"Usandithokoze. Sindinakukhululukire. Ndangotopa."

Onkar anamuperekeza mpaka pa masitepe. Anaima sitepe imodzi pamwamba pake, manja m'matumba.

"Wadya lero?" anafunsa.

"Chikki, switi ya mtedza ija ya pa siteshoni."

"Si chakudya chimenecho."

Pamwamba, kwa a Kelkar, poto anayamba kuimba likhweru. Onkar anatseka maso mpaka linatha.

"Chipinda uchiphwasula, ndikukhulupirira," anatero. "Koma ine ndizikuuza chiyani tsopano? Ndikafuna kukuuza kanthu, ndizidzifunsa kuti kalowa chipinda chachingati."

"Ndilibe yankho labwino."

"Loipalo?"

"Ndinaona kuti likhweru lija ndi chinthu choopsa kwambiri chimene ndinamvapo. Ndipo ndinalifuna. Ndinadziwa kuti ndi lako, koma ndinalifunabe."

Onkar anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi amene wapeza pamene samu inasokonekera.

"Lachiwiri uvale maluwa m'tsitsi," anatero. "Azakhali amayang'ana zimenezo." Sanamugwire dzanja, koma anaima pomwepo mpaka Ketaki anafika pansi.

*

Bwana Daruwala anakalipa kwa mphindi makumi awiri Lamulungu m'mawa. Ketaki anamusiya amalize, kenako anayala pa tebulo pulani imene anajambula mu Epulo n'kuikana yekha: chipinda cha magalasi oonera nkhope, momwe mkwatibwi wa m'chitsime amaonekera kumbuyo kwa munthu aliyense. Sichinkafuna wamasiye, ndipo atsikana ovala zofiira za ukwati sankasowa. Anamukumbutsanso kuti atsikana atatu anathawa kale, ndipo wachinayi adzathawa paki itadzaza.

"Sichiopsa ngati chinacho," anatero bwanayo.

"Sichiopsa."

"Ndiye bwanji?"

"Chinacho si changa."

Bwanayo sanamvetse, koma anamvetsa za atsikana atatu. Anapereka masiku anayi.

Anaphwasula Lamulungu lonse ndi Lolemba m'mawa. Ketaki anachotsa yekha mawu aja m'makina, likhweru ndi kugunda komwe. Sari yoyera anaipinda n'kuiika pansi pa bokosi la nsanza zopukutira penti. A Jagtap anasonkhanitsa amisiri n'kuwauza kuti aliyense amene anaona Tai Lachinayi anaona molakwika, ndipo wokumbukira bwino akafune ntchito kwina. Mwala wa mphero anaunyamula anthu awiri.

"Ndiupititse kuti, Tai?"

"Kulikonse."

"Ndipatsa mkazi wanga. Akhala akudandaula kuti makina amaononga kukoma."

Lolemba pa 23, 2 koloko masana, anatsika ndi lole ya a Jagtap kupita ku Khopoli kukatenga magalasi. Pobwerera Ketaki anatsamira chitseko. Anali atatumiza kwa Onkar chithunzi cha chipinda chopanda kanthu, ndipo Onkar anali atayankha kuti, "Ndawaonetsa Aai. Adya mpunga wa poha mbale yonse." Kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachinayi tulo tinayamba kumubwerera. Lole inkakwera phiri pang'onopang'ono, mu msewu waukulu wochokera ku Mumbai.

Anadzidzimuka lole itaima.

"Tai," anatero a Jagtap. "Musatsike. Ingoyang'anani kumanzere."

Pa ngodya yaikulu ya Khandala, pamene galimoto iliyonse imachepetsa liwiro, panali chikwangwani chatsopano, chotalika ngati nyumba ya nsanjika zitatu. Panali mkazi wovala zoyera, tsitsi lomasuka, kofiira kopukutika pachipumi, manja odzaza zibangili zosweka. Wojambula uja ankaidziwa ntchito yake. Penti yoyera sinabise chilichonse, ngakhale kachipsera ka pa nsidze yakumanja kamene Ketaki anali nako kuyambira ali mwana. M'munsi munali tsiku lotsegulira, 27 Okotobala, ndipo pansi pake, m'malemba otalika ngati munthu: Yokonzedwa ndi Ketaki Mohite.

Rucha anayankha foni itangolira kamodzi.

"Waona? Chakongola, eti?"

"Chitsike lero."

"Mwali, unasaina wekha Lachinayi m'mawa. Zinapita kosindikiza tsiku lomwelo, zonsezi zisanachitike. Ine ndinalonjeza Kaku kuti sindinena kanthu, ndipo sindinanene."

"Rucha, chipindacho kulibenso."

"Ayi, zimenezo ukambirane ndi bwana. Koma anyamata okweza zikwangwani aweruka 12 koloko, apita kwawo. Mawa ndi Dasara, waiwala? Abwera Lachinayi." Anapuma pang'ono. "Wati uli pa Khandala? Ndiye waona chimodzi chokha. Zilipo zitatu. China chili potuluka mu mphanga, china polowa m'Lonavala."

Ketaki anadula foni. A Jagtap anasuzumira pazenera, akuyeza chikwangwanicho ndi maso, kuchokera pansi pa zitsulo mpaka pamwamba.

"Makwerero anga amafika mamita asanu ndi limodzi," anatero. "Apo ndi pa bondo lake."

Foni inanjenjemera m'manja mwa Ketaki. Anali Onkar.

"Basi inyamuka ku Dadar, ku Mumbai, mawa 7 koloko m'mawa, ifika pa phiri la Khandala cha m'ma 9. Aai akuti ndikuuze kuti usachedwe. Azakhali aimba katatu lero, akusangalala, akufuna kuona nkhope yako asanakuveke, ndiye ndawatumizira chithunzi chako chija cha pa Diwali. Akuti kumbuyo amachita chizungulire, choncho tawasungira mpando wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala."